Mafilimu Amene Ndinatumizira Apongozi

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo manyazi ake ndi anga. Ndikuinena ndekha chifukwa pa Nkando aliyense akuifotokoza kale, ndipo akumathira mchere wambiri.

Inayamba ndi malonda okoma mopitirira muyeso. Che Sumani, amene amagula katundu wakale m'nyumba za mabwana a ku esiteti ya tiyi n'kumagulitsa pa Chinakanaka, anandikodola tsiku la msika. Anatulutsa kabokosi kakuda, kukula kwake ngati chikhatho, n'kunena kuti kanali ka mzungu wina amene anabwerera kwawo, ndipo m'kati mwake muli mafilimu odzaza mpaka pakamwa.

"Achimwene, izi ndi za inu a makompyuta. Ine ndakaika pakhutu, sikakulira."

Ntchito yanga ndi yomweyo. Ndili ndi kashopu pa Nkando kobenera nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mamemore. Sukulu ndinalekeza panjira. Chingerezi chimene ndili nachochi ndinachitola pansi pa sikirini, m'timawu timene timathamanga filimu ikamayenda. Koma pa nkhani yonenerera mtengo, ayi ndithu, sindinafunepo mphunzitsi.

Ndinatulutsa foni yosweka galasi imene mwini wake anaithawa kalekale. Ndinaika patebulo, n'kukhala chete, kudikira kuti mkuluyo akuwe.

"Chambone," anatero Che Sumani, kutanthauza kuti zili bwino, n'kuiponya m'thumba.

Pamenepo m'pamene ndikanathawa. Munthu wa pa Chinakanaka savomera mtengo woyamba ngakhale mukumugula mwala. Koma umbombo unandigwira m'maso, ndinanyamula kabokosi kanga ndikumwetulira ngati ndaba.

Nditakalumikiza ku kompyuta ndinamvetsa. Munalibe karate. Munalibe mfuti, munalibe galimoto zogubuduzika, munalibe ngakhale munthu mmodzi wodumpha mpanda. Onse anali mafilimu oopsa, koma osati oopsa a magazi ndi zikwanje amene anyamata a kabaza amakonda. Awa anali ofatsa. Anali ochokera m'maiko osiyanasiyana, zilankhulo zake zosamveka, ndipo ambiri mwa iwo munthu amatha kungokhala akuyang'ana chitseko mpaka tiyi wako kuzizira.

Kasitomala woyamba amene ndinamuikira anabwerera tsiku lomwelo.

"Bwana, filimu yanu ija yaima!"

"Siinaime, ikuyenda."

"Nanga mayi ameneyu wangoima pawindo bwanji? Akudikira minibasi?"

Ndinamubwezera karate yake, iye n'kupita ali wokondwa.

Kenako kunagwa chiperoni, nkhungu ija yobwera ndi mvula yamawawa, cha sabata yathunthu. Phiri linasowa, msewu unasowa, makasitomala anasowa. Ndinatseka chitseko theka, n'kuyamba kuonera mafilimu aja imodziimodzi, poti panalibe china chochita. Ndipo pang'onopang'ono ndinazindikira chinthu chimene chinandichititsa kuwalemekeza: mafilimu amenewa amadziwa kunenerera.

Pamalonda, amene wayamba kulankhula ndiye waluza. Umatchula mtengo, n'kutseka pakamwa, n'kumusiya mnzako alimbane ndi mtima wake. Akapirira pang'ono, amayamba kudzikweza yekha. Mafilimu awa amachita chimodzimodzi. Sakuonetsa chilombo. Amangokuonetsa khonde lopanda munthu n'kukhala chete, mpaka iwe mwini utulutse m'thumba mwako chinthu chimene umachiopa n'kuchiika pakhondepo. Filimu ya zikwanje imakuopseza ndi katundu wake. Izi zimakuopseza ndi katundu wako.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlaliki. Aliyense wolowa m'shopu, ngakhale wongofuna kutchajitsa foni, ankalandira ulaliki.

Ndinkawauza kuti ngati mukufuna kuyamba, yambani ndi za ku Japan. Nyumba zawo n'zoyera, zopanda katundu wambiri, moti kanthu kamodzi kakasuntha mtima umadziwa maso asanaone. Ilipo ina ya mkulu wokhala yekha amene m'mawa uliwonse amapeza nsapato zake pakhomo zitatembenuka kuloza m'nyumba. Nkhani yonse ndi yomweyo basi. Koma mukaimaliza mudzayamba kuziyang'ana kawiri nsapato zanu. Za ku Korea zimakonda banja: anthu akudya pamodzi, akupatsirana ndiwo, koma pali chinthu chimene onse akuchidziwa ndipo palibe akuchitchula. Za kumaiko ozizira a ku Ulaya ndi nkhungu, nkhalango ndi anthu ouma pakamwa, kumeneko yolankhula ndi mphepo. Za ku Indonesia ndi ku Turkey zili pafupi ndi kwathu kuno, muli manda, muli mapemphero, muli anansi odziwa zambiri kuposa zimene akunena. Za ku Argentina ndiye zachinyengo, zimakunamiza ndi dzuwa. Zonse zimachitika masana, ana akusewera panja, iwe tsitsi likuima.

Amene anandimvera anali ochepa. Mphunzitsi wina wa ku Thuchila anatenga ya nsapato ija, n'kubwera patapita masiku kudzandiuza kuti tsopano nsapato zake amagona nazo kuchipinda. Ndinamva kukoma ngati ndinaijambula ndine.

Tsopano mumve mmene zinthu zinalili kunyumba, chifukwa m'pamene pali mutu wa nkhani.

Ine ndinali pa chikamwini, kumudzi kwa akazi anga a Esinati, kuseri kwa Thuchila. Tsiku lililonse ndinkapalasa njinga kupita ku Nkando ndi kubwerera, mvula kaya dzuwa. Ndinali nditamanga kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa shopu, ndipo ndinali nditapempha chitengwa, kuti andilole kutenga akazi anga ndi mwana wathu Tamanda tikakhale kumeneko. Pempholo linadzera kwa a Nakoma, amalume awo a Esinati. Yankho linali m'manja mwa munthu mmodzi: apongozi anga aakazi, mayi wamasiye amene mawu awo m'mudzimo sabwezedwa.

Ndipo kubanja kumeneko mwambo wothawana akadausunga. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Mukakumana panjira, wina amapatukira m'chinangwa. Ngati pali mawu, amadzera mwa munthu wina. Njira yothetsera zimenezi ilipo, umapereka kankhuku, akuluakulu n'kukulolani kuti muzilankhulana. A Esinati anandikumbutsa kambirimbiri. Koma ine ndinawerengera bwinobwino n'kuona kuti kuthawana n'kwaulere, komanso munthu amene sungalankhule naye sangakupemphe kanthu. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthu amene salankhula, chilichonse chimene wachita chimasanduka mawu.

Apongozi ali ndi ka TV ka sola kamene mwana wawo wa ku Joni anawatumizira. Masana, ntchito zikatha, amayi a m'mudzi amasonkhana pakhonde pawo kuonera makwaya. Tsiku lina a Esinati anandipatsa memore.

"Bambo a Tamanda, amayi akuti makwaya aja awaloweza onse. Muwaikireko china."

Ndinaona mwayi. Ndinati apongozi adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinasankha filimu imene ndinkaiona kuti ndi mfumu ya onse, ya ku Korea. Mayi wina amaika mbale yoonjezera patebulo tsiku lililonse. Pakhoma pali chithunzi cha malemu mwamuna wake. Mwana wake wamkazi ndi mkamwini wake amangoyang'anizana osanena kanthu. Pakatikati amaonetsa manda paphiri, atamera udzu mpaka m'chiuno. Ukamawerenga timawu ta pansi umazindikira kuti nkhani yake ndi ya m'mutu mwa mayiyo, ndipo mpaka pomaliza sudziwa ngati mbaleyo imadyedwa ndi munthu kapena ayi. Luso lokhalokha.

Ndinaiwala zinthu ziwiri. Choyamba, apongozi sawerenga Chingerezi, amangoona zithunzi. Chachiwiri, manda a apongozi anga aamuna anali asanamangidwe chiliza chimwalirireni.

Patapita masiku awiri, a Nakoma anatsika njinga pakhomo pa shopu atavala jekete. Munthu wamkulu akavala jekete pakati pa sabata, dziwani kuti kwinakwake kwapsa.

"Akamwini, uthenga wanu wafika."

"Uthenga uti, malume?"

"Musachite manyazi. Mwalankhula mwaulemu kwambiri. Ena akanakabwebweta kumowa, inu mwatumiza chithunzi."

"Malume, ija ndi filimu chabe. Ya ku Korea."

"Ku Korea." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "M'kabokosi kanuko muli mafilimu angati?"

"Ambirimbiri."

"Ndiye mwa ambirimbiriwo, dzanja lanu linangogwera pa mayi wamasiye, chithunzi cha malemu pakhoma, ndi manda omera udzu?"

Ndinayamba kusunthasuntha mafoni a pa kauntala.

"Achemwali anga analira, akamwini. Amayi onse a m'mudzi anali pomwepo. Akuti mwanena zoona, malemu aja tawataya kutchire. Ndiye tagwirizana kuti chiliza chimangidwe chaka chomwe chino."

Atatero anakhala chete. Anangopinda manja n'kumayang'ana kalendala ya pakhoma. Ine ndinaudziwa msampha umenewo, ndi msampha wanga womwe, ndimautchera anthu tsiku lililonse. Ndinadziuza kuti usalankhule, usalankhule. Koma munthu wa jekete amapirira kuposa kasitomala.

"Kungoti simenti masiku ano ndiye yavuta," ndinatero.

"Zikomo kwambiri, akamwini! Tinadziwa kuti woyambitsa nkhani sangaisiye panjira."

Anakwera njinga yawo n'kumapita. Simenti inali itagwera ine.

Madzulo ake a Esinati anandiuza mosapita m'mbali.

"Gulani nkhuku, mukalankhule ndi amayi pakamwa. Mukawauze kuti simunatanthauze kanthu."

"Nkhuku pamwamba pa simenti? Ayi. Ndiwatumizira filimu ina. Akaona kuti ndi mtundu chabe wa mafilimu amene ndimakonda, amvetsa okha."

"Bambo a Tamanda, inu mumamva koma?"

Sindinamve. Ndinasankha mosamala kwambiri ulendo uno. Ndinafuna yopanda maliro, yopanda manda, yopanda wamasiye. Ndinapeza ina ya kumaiko ozizira imene ndinkaikonda chifukwa cha nkhungu yake. Nkhungu imeneyo, abale, imatsika m'mitengo ngati mmene chiperoni chimatsikira m'minda ya tiyi, ndipo pali phokoso lina lapansipansi limene sulimva ndi makutu koma ndi m'mimba. Ndinkafuna apongozi amve phokoso limenelo.

Nkhani yake sindinaiganizire n'komwe. Ndi ya mwamuna amene amapita kukakhala pafamu ya makolo a mkazi wake. Anthu a pakhomopo samulankhula. Amangomusuzumira pawindo akamalima. Patebulo amamugawira kachakudya kochepa, ndipo filimu ikamapita iye amanka naonda, naonda, mpaka malaya kumulendewera.

Ine ndinkayang'ana nkhungu. Apongozi anayang'ana mbale.

Mawa lake, dzuwa lili pamutu, shopu itadzaza anthu, a Esinati anatsika pa kabaza atasenza beseni. Analitula pa kauntala, pamwamba pa mafoni a eni ake, n'kuvundukula. Munali makaka a chinangwa, nyemba za kalongonda, nandolo, mapeyala, ndi nthochi zophika zokwanira anthu olima ganyu munda wathunthu.

"Amayi akuti mudye, mbale zibwerere zopanda kanthu," anatero mokweza, nkhope ili gwa. "Akuti pepani, sanadziwe kuti m'mudzi mwawo muli munthu akufa ndi njala."

Muyenera kudziwa kuti ine ndili ndi kamimba kooneka. Makasitomala anayang'ana beseni, anayang'ana mimba yanga, n'kuphulika kuseka. Pofika madzulo amayi ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anali atandipatsa kale dzina.

"A Njala, mwaswera bwanji? Lero mwalawako kanthu?"

Beseni linabwera mawa lake, ndi mkuja wake. Kalongonda ndi chakudya chabwino, koma si cha tsiku lililonse, ndipo si chodyera pamaso pa anthu amene akukuwerengera nthongo.

Kenako jekete ija inabweranso. Ulendo uno a Nakoma sanakhale n'komwe pansi.

"Akamwini, zoyamba zija munalankhula bwino. Izi mwalakwitsa. Ngati chakudya chimachepa, mukanauza ine."

"Malume, sichichepa! Tandiyang'anani!"

"Ndikukuyang'anani. Koma mudzi wonse unaona chithunzi chija. Ndiye nkhani ya chitengwa tayamba taiika pambali."



"Tikakulolani panopa," anapitiriza, "anthu adzati mwathawa njala. Mukhale kaye, mpaka munenepe pamaso pa anthu."

"Ndinenepe kuposa pamenepa?"

"Ndipo poti mwanyozetsa khitchini ya achemwali anga, tsiku lotsegulira chiliza mbuzi idzakhala yanu. Anthu adzaone kuti pakhomo pano timadya."

Tsiku lomwelo ndinagula nkhuku. Sindinanenerere n'komwe mtengo, mayi wogulitsayo mpaka anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinapatsa a Esinati kuti akapereke, ndi mawu akuti mkamwini akupempha kuti azilankhulana ndi apongozi ake ngati anthu.

Anabwerera chimanjamanja, akulimbana ndi kuseka.

"Amayi akuti nkhuku alandira, zikomo, ndi yonona."

"Ndiye ndipite liti?"

"Akuti zolankhulana pamaso n'zosafunika, mukumvana kale bwinobwino. Akuti pakamwa anthu amanama, koma inu mumalankhula ndi zithunzi. Akufunsa kuti filimu ina ibwera liti."

Nkhuku inapita choncho.

Ndinakhala m'shopu ndikuganiza, beseni lili pambali. Kanyumba kanga kuseri kanali kakumera ndere, ine ndikupalasabe njinga. Kenako nzeru ya malonda inandibwerera. Ndinati, dikirani. Ngati apongozi amawerenga uthenga m'filimu iliyonse, bwanji osawatumizira uthenga weniweni? Msewu ulipo kale, ine ndingoyendetsapo katundu wanga. Ndinadzimenya pachifuwa. Ndinati uku ndiye kuganiza.

Ndinafufuza kabokosi konse mpaka ndinapeza yoyenera, ya ku Argentina. Banja likukhala m'nyumba yakale kumudzi. Palibe chimene chikuoneka, koma nyumbayo yawakana. Nkhuku zimaleka kulowa m'bwalo. Mwana amasiya kuseka. Mkaka umasasa usanafike patebulo. Pomaliza bambo wa pakhomopo amabweretsa lole, amakweza katundu, mkazi ndi mwana, n'kunyamuka kupita kutauni dzuwa likuwala, mwana n'kuyambanso kuseka. Muli gogo wina amene amakana kukwera. Amaima pakhomo lole ikuchoka, kenako amalowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. Kamera imatsala pachitsekopo nthawi yaitali, osasuntha, mpaka filimu kutha.

Kwa ine uthenga unali woyera ngati madzi a m'phiri: achinyamata apite, akuluakulu atsale pamalo pawo. Ndinaiika mu memore ndikuimba mluzu.

A Esinati anandiuza pambuyo pake kuti tsiku limenelo pakhonde panalibe phokoso. Nthawi zonse amayi aja amalankhula ndi anthu a m'filimu, kuwalangiza, kuwakalipira. Ulendo uno anangoti zii. Itatha, apongozi anapempha kuti abwezerenso pothera paja, pa chitseko. Anaonanso. Kenako anazimitsa TV, amayi aja n'kubalalika mmodzimmodzi osatsanzika.

"Ndiye anati chiyani?" ndinafunsa.

"Sananene kanthu. Chakudya chamadzulo sanadye."

Ndinati zagwira. Wogula akasiya kudya, ndiye kuti mtengo walowa.

Chiliza chinamangidwa, chokongola ndithu, simenti yanga sinapite pachabe. Mbuzi inadyedwa, anthu anaona kuti pakhomopo timadya. M'mawa mwake a Nakoma anaitanitsa kamsonkhano ka banja. Kunali chiperoni chopyapyala, chija chonyowetsa munthu osadziwa. Ine ndinakhala pampando pabwalo. Apongozi anakhala kuseri kwa ngodya ya nyumba monga mwa mwambo, moti ndinkangoona mapazi awo ndi nsonga ya chitenje. A Esinati anakhala pakati, kuti azinyamula mawu, ngakhale tonse tinkamva bwinobwino.

"Esinati," anayamba apongozi, "uwauze amuna ako kuti ndamva."

"Akuti amva," anatero a Esinati.

Ndinaweramitsa mutu mwaulemu, m'kati ndikuvina.

"Uwauze kuti chimwalirireni bambo ako, chimene ndimaopa si mizimu ayi. Mizimu ndi anthu athu omwe, tidzawapeza. Chimene ndimaopa ndi tsiku limene galimoto idzaime pabwalo pano, inu n'kukwera, Tamanda n'kukwera, ine n'kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndimadzifunsa kuti ndikadzatseka, ndidzakhala pati? Ndidzayang'ana kuti? Mchimwene wako ali ku Joni, amatumiza zinthu, koma zinthu sizitsokomola m'chipinda china kuti udziwe kuti muli munthu."

A Esinati sanabwereze. Anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Zimenezi sindinauzepo munthu," anapitiriza apongozi. "Ngakhale a Nakoma awa sadziwa. N'chifukwa chake pempho lawo ndinkangolikhalira. Ndiye uwafunse amuna ako kuti iwo anadziwa bwanji."

Kuvina kwa m'kati kuja kunaima.

Filimu imeneyo ndinali nditaionera kambirimbiri. Ndinkatha kukuuzani mmene kuwala kumagwera pachitseko chija, ndi chifukwa chake kamera siisuntha. Ndinkauza makasitomala kuti taonani luso. Koma sindinadzifunsepo ngakhale kamodzi kuti gogo uja, atatseka chitseko, anakakhala pati. Ine amene ndinkalalikira kuti mafilimu awa amakuopseza ndi katundu wako, sindinaganize kuti mayi amene ndimamuthawira m'chinangwa ali ndi katundu wakenso, wolemera kuposa wanga.

"Uwauze kuti chitengwa ndalola," anatero apongozi.

Ndinapuma.

"Ndipo uwauze kuti asade nkhawa, chenjezo lawo ndalimva. Sindichita zopusa ngati gogo uja. Lole ikabwera, ndikwera nawo."

Ndinayang'ana a Nakoma. Anali akuyang'ana kumwamba, kumene phiri likanakhala kukanapanda nkhungu. Ndinayang'ana a Esinati. Anali akundiyang'ana ndi maso amene ndinawaona komaliza tsiku la ukwati wathu. Bwalo lonse linkadikira ine.

Apa ndiye panali poti munthu anene kuti pepani, simunandimvetse, ine ndimatanthauza kuti mutsale. Yesani kunena mawu amenewo kwa mapazi awiri okalamba amene akusuzumira pangodya, atanyowa ndi chiperoni. Ine ndanenererapo zinthu zambiri pamoyo wanga, mpaka bokosi la maliro ndinalitsitsapo mtengo. Koma apa ndinalephera.

"Muwauze kuti zikomo," ndinatero. "Muwauze kuti malo alipo."

"Eyaa!" anatero a Nakoma, akuwomba m'manja. "Mkamwini uyu salankhula kawirikawiri, koma akalankhula!"

Panopa tikukhala pa Nkando. Njinga ndinaipumitsa. Apongozi anatenga chipinda chachikulu, chifukwa ndi chimene chili ndi windo loyang'ana kuphiri, ndipo akuti sangagone osaliona. Ife atatu tili m'chaching'ono. Kuthawana sikunathe, poti iwo akuti kukutiyendera bwino. Ndiye m'nyumba ya zipinda ziwiri muli munthu amene sindiyenera kukumana naye. Ndikafuna kutuluka ndimayamba ndamvetsera. Ndikamva patapata akubwera m'khonde, ndimabwerera chambuyo n'kuima kuseri kwa chitseko ngati wakuba m'nyumba yanga yomwe. Wailesi yanga ndimaipeza ili pa siteshoni ina. Shuga amatsika yekha. Nthawi zina ndimamva kutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo chodabwitsa n'chakuti tsiku limene sindinakumve, ndimatuma Tamanda kuti akaone ngati agogo ake ali bwino.

Loweruka lililonse apongozi amatumiza memore. Ndinayesa kubwerera ku makwaya, kuti mwina tipume. A Nakoma anabwera ndi jekete kudzafunsa kuti akudwala ndani, poti nyimbo zonse zimene ndinasankha zinali zonena za ulendo wa kumwamba. Ndiye ndinabwerera ku mafilimu anga, koma tsopano ndisanatumize ndimaonera kaye mawu nditatseka, timawu ta pansi nditaphimba ndi pepala, kuti ndione chimene chikuoneka kwa munthu amene akungoyang'ana anthu. Mukadzayesa mudzadabwa. Theka la mafilimu amene ndinkati ndi a mizukwa, kwenikweni ndi a anthu amene palibe akuwafunsa kuti mwadzuka bwanji.

Anthu akandifunsa kuti kabokosi kaja ndinakagula zingati, ndimati foni yosweka galasi, ndipo amati ndinaba. Sindiwatsutsa. Koma mtengo wake weniweni analipira ndine, ndipo ndi uwu: simenti ya chiliza chathunthu, mbuzi, nkhuku yonona, dzina loti a Njala, ndi chipinda cha windo.

Katundu wotchipa sabwera yekha, wanga anabwera ndi apongozi.